Ntchito yathu kunsi kwa phiri la Soche: Okutobala 2024 mpaka Epulo 2025

Okutobala, sabata yomaliza

Ndayambanso kulemba m'kope muno nditakhala chete miyezi itatu. Anzanga a m'gulu anati popeza ndine ndimasunga mabuku, ndizilembanso zomwe zikuyenda ndi zomwe zikukanika, kuti ena ofuna kuyamba ntchito yonga yathu kwawo asakapunthwe pamwala womwe tinapunthwapo ife.

Kwa amene simutidziwa, ndife anthu okhala kunsi kwa phiri la Soche mumzinda wa Blantyre. Mulipo aphunzitsi awiri, amayi a banki mkhonde, anyamata a kabaza ndi achinyamata omwe analemba Fomu 4 koma ntchito sanaipeze. Ambiri tinadziwana ku kampu mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atakokolola matope ndi miyala n'kukwirira nyumba ku Chilobwe pa 13 mwezi umenewo. Ofesi tilibe, otipatsa ndalama tilibe. Timakumana Loweruka masana pakhonde la tchalitchi china, ndipo aliyense amaponya kangachepe m'mbale kogulira machubu a mbande ndi mayunitsi.

Loweruka lapitali tinalakwitsa, ndipo ndiyenera kulemba momwe zinalili. Tinaitana mnyamata wina wa bungwe lina la m'tauni kuti adzalankhule za kusintha kwa nyengo. Anabwera ndi laputopu ndi zithunzi zokongola, koma theka la mawu ake linali Chingerezi. Anthu anapirira. Kenako anati: "Namondwe uja anabwera chifukwa inu munamaliza mitengo m'phirimu ndi makala anu." Mayi wina wogulitsa makala, amene anataya ana awiri usiku umene uja, anaimirira pang'onopang'ono, n'kumanga bwino chitenje chake. "Achimwene," anatero, "ndiye mukuti ana anga ndinawapha ndine?" Pakhondepo panangoti zii. Mayiwo ananyamuka, ndipo amayi anzawo asanu ndi mmodzi anawatsatira.

Usiku umenewo sindinagone. Mnyamata uja sanabwere ndi mtima woipa, anangobwereza zomwe naye anamva ku maphunziro. Koma zomwe ananenazo si zoona zonse, ndipo ife ndi amene tinamupatsa bwalo.

Novembala, sabata yachiwiri

Tinapita atatu kunyumba kwa mayi aja kukapepesa. Anatilandira, anatiyalira mphasa. Sanalonjeze zobwerera.

Masabata awiri onsewa takhala tikukonzanso phunziro lathu kuchokera pachiyambi. Tagwirizana kuti nkhaniyi ili ndi miyendo iwiri, ndipo sitidzaisakanizanso.

Mwendo woyamba ndi wa dziko lonse. Utsi wa malasha, petulo, dizilo ndi gasi womwe mafakitale ndi magalimoto akhala akutulutsa kwa zaka zoposa 150 wafunditsa dziko ngati bulangete. Nyanja zatentha, ndipo namondwe amadya kutentha kwa nyanja ngati momwe moto umadyera nkhuni. Mpweya wotentha umasenzanso chinyezi chambiri, pafupifupi 7 pa 100 pa digiri iliyonse yomwe yawonjezereka, ndiye ikati igwe imachita kukhuthuka. Freddy anabadwira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale 2023, nawoloka nyanja yonse ya Indian, nakhala ndi moyo masiku 36, zomwe sizinachitikepo ndi namondwe wina m'mabuku a akatswiri azanyengo. Thumba la makala la ku Chilobwe silinamuitane. Africa yonse siifika ngakhale 4 pa 100 ya utsi womwe dziko limatulutsa, ndiye gawo la Malawi ndi kadontho chabe.

Mwendo wachiwiri ndi wathu. Mvula ikagwa pa phiri lometedwa mpala, lokumbidwa miyala, lomangidwa nyumba mpaka m'makhwawa, dothi limasowa chogwirira. Apa ndi pomwe manja athu angafike.

Pophunzitsa mwendo wachiwiriwu tasiya zithunzi. Timatenga mabeseni awiri oboola m'mbali, lina lodzaza dothi lokhalokha, lina la dothi lomwe tinadzalamo kapinga mwezi wathawu. Timawapendeketsa pa njerwa, mwana mmodzi n'kuthira madzi ndi keni. M'beseni loyamba mumatuluka phala lofiira nthawi yomweyo. M'lachiwiri madzi amayamba adikira, kenako n'kumadontha pang'onopang'ono, oyera ndithu moti m'botolo mumaoneka pansi. Ana a Sitandade 6 atawona anafuula okha, osafunanso kuwafotokozera. Mtsikana wina anati akachita zomwezo kwawo kuti bambo ake aone, chifukwa akufuna kupala udzu wonse kuseri kwa nyumba.

Agogo ena aamuna ochokera ku Phalombe anatifunsa kuti, "Nanga Napolo mwamusiya kuti, ana inu?" Kale ndikanawayankha kuti zimenezo n'zikhulupiriro. Ulendo uno ndinawapempha kuti atifotokozere. Anasimba za Malichi 1991, madzi ndi miyala zitatsika ku phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana, ndi zomwe makolo awo ankanena za Napolo wa ku Zomba mu 1946. Anati asanatsike, phiri limayamba kulira ngati galimoto yolemera, akasupe amatulukira pomwe sipatuluka madzi, ndipo madzi a mumtsinje amasanduka ofiira mwadzidzidzi. Zizindikiro zitatuzi tazilemba pa pepala lathu la chenjezo monga momwe anazinenera. Anatsiriza ndi mawu akuti madzi saiwala khwawa, ndipo achinyamata awalemba ndi penti pa khoma la pa mjigo.

Novembala, kumapeto

Tinamvera limodzi pa wayilesi za COP29, msonkhano wa mayiko onse wokambirana za kusintha kwa nyengo, womwe unachitikira ku Baku m'dziko la Azerbaijan. Mayiko osauka anapempha madola 1.3 thililiyoni pachaka othanirana ndi kusintha kwa nyengo, olemera analonjeza 300 biliyoni pofika 2035. Gulu la mayiko osaukitsitsa, lomwe wapampando wake mu 2024 anali Mmalawi mnzathu a Evans Njewa, linafika potuluka m'chipinda cha zokambirana posonyeza kusakondwa. Mnyamata wina wa kabaza anafunsa kuti thumba la ndalama zolipira zowonongeka, lomwe anagwirizana ku Egypt mu 2022, lidzafika liti kwa munthu amene nyumba yake ili pansi pa matope. Funso limeneli talilemba pamwamba pa tsamba la mafunso omwe tikusonkhanitsa. Ndinasangalala kuti wafunsa ndi iyeyo, chifukwa chaka chatha mnyamata yemweyu ankabwera kudzangofunsa ngati kuli alawansi.

Ku nazale mbande zili bwino. Tili ndi mtangatanga, mthethe, m'bawa pang'ono, mapeyala ndi mango. Nsungwi tapempha kwa bambo wina wa ku Chigumula.

Disembala, sabata yachitatu

Namondwe wa Chido watiyesa. Nthambi yoona zanyengo itachenjeza, uthenga unalowa pa gulu lathu la WhatsApp, koma tinkadziwa kuti okhala kumtunda kwenikweni ambiri alibe mafoni a intaneti. Tinachita monga tinapangana: uthenga tinaumasulira m'mawu anayi okha osavuta, anyamata a kabaza anagawana njira, amayi awiri anayenda ndi chinkuzamawu chobwereka ku mzikiti, ndipo Lamulungu pa 15 unalengezedwa m'matchalitchi atatu. Amfumu anatuma mnyamata wawo kuti aziimba wezulo mvula ikapitirira usiku.

Mabanja ena anatsika kukagona kwa abale. Ena anakana. Bambo wina anandiuza maso ndi maso kuti, "Aphunzitsi, ndikatsika ine, mawa ndipeza malata atasasula akuba. Mundigulira ndinu?" Ndinalibe yankho. Kuno Chido sanawononge kwambiri poyerekeza ndi Freddy, ngakhale m'maboma ena anasasula madenga ndi kupha anthu. Koma funso la bambowa latitsegula maso. Munthu amatha kumva chenjezo, n'kulikhulupirira, koma osasuntha chifukwa cha chinthu chomwe phunziro lathu silinachikhudze. Tapempha a chitetezo cha m'mudzi kuti ulendo wina azilondera nyumba za omwe atsika, ndipo avomera.

Nyengo yodzala mitengo imatsegulidwa pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Ife tadikira kaye kuti nthaka inyowe bwino, chifukwa mvula yayamba modukizadukiza.

Januwale 2025

Tadzala. Sitinaitane atolankhani kapena alendo olemekezeka. Chaka chatha tinachita mwambo waukulu, anthu anajambulitsa atagwira mbande, ndipo pofika Okutobala mitengo yambiri inali itapita ndi mbuzi, chiswe ndi moto. Ulendo uno mtengo uliwonse uli ndi mwini. Banja limasankha lokha mitengo yomwe lingathe kusamala, ndipo dzina lake limalowa m'kope. Mitengo ya zipatso inatha tsiku loyamba. Ya m'bawa anthu ankaikankhirana, ena amvekere, "Ndidzadya chiyani pamenepa ine ndisanafe?" Udzu wogwira dothi wa vetiva taudzala m'mizere yopingasa pamwamba pa nyumba zomwe zili m'mphepete mwa khwawa.

Chomwe chandikondweretsa kuposa zonse si mbande ayi, koma zitsa. Mlangizi wina wa zankhalango wopuma pantchito anatitengera kumtunda n'kutionetsa kuti zitsamba zomwe timaziponda tsiku ndi tsiku ndi mitengo yachilengedwe yomwe inadulidwa koma mizu yake ikadali moyo. Anagwada pa chitsa chimodzi chokhala ndi mphukira zoposa khumi, nasankha ziwiri zowongoka, zinazo nadula ndi chikwanje chakuthwa mopendeketsa kuti madzi asakhazikike pabala. Anati mizu yakale ija imakankha mphukira ziwirizo msanga kuposa mbande ya m'chubu, ndipo sizifuna kuthirira. Njira yomweyi ndi imene alimi a ku Niger anabwezeretsera mitengo m'minda yawo kuyambira m'zaka za m'ma 1980. Siifuna ndalama, imafuna maso ndi mgwirizano woti wina asadzadule usiku.

Mwezi uno bungwe loona zanyengo padziko lonse lalengeza kuti 2024 ndi chaka chotentha kuposa zonse chiyambire kulemba. Kuno sitinadabwe. Ndi chaka chomwe chimanga chinapserera m'minda ndi ng'amba ya El Niño, mpaka boma linalengeza mu Malichi kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Ufa womwe tikugula pa mtengo wolilitsawu ndi mwana wa ng'amba imeneyo. Ndikamaphunzitsa tsopano ndimayambira pa mtengo wa chigoba cha chimanga, kenako n'kumakwera mpaka kukafika ku bulangete lija. Anthu amamvetsera mpaka kumapeto.

Febuluwale, sabata yoyamba

Mayi aja abweranso. Sanabwere okha, anabwera ndi anzawo ogulitsa makala, ndipo anatiuza kuti akufuna alankhule iwo, ife timve.

Ndilemba mwachidule zomwe ananena, chifukwa n'zofunika kuposa zonse zomwe ine ndaphunzitsa chaka chino. Makala ambiri omwe amagulitsa sachokera ku Soche, komwe mitengo yootcha inatha kalekale. Amabwera pa njinga ndi pa malole kuchokera ku Neno, ku Mwanza ndi ku Chikwawa. Ogula si osauka okha: magalimoto apamwamba amaima pamsika madzulo aliwonse, chifukwa magetsi akazima aliyense amathamangira mbaula. Gasi anakwera mtengo kwacha itagwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Lamulo la nkhalango analikhwimitsa mu 2020, koma iwo amaona kuti amene amalandidwa kawirikawiri ndi mayi wa kathumba kamodzi ndi bambo wa njinga. "Tipatseni china chogulitsa, mawa lomwe tisiya," anatero mmodzi. "Utsi umenewu nafenso umatipweteka m'chifuwa."

M'dziko lomwe mabanja oposa 9 pa 10 aliwonse amaphikira nkhuni kapena makala, kuloza chala wogulitsa yekha n'kunamizana. Ndikunena izi ngati munthu amene kunyumba kwanga mbaula imayaka tsiku lililonse.

Tapangana zinthu ziwiri. Amayi anayi aphunzira kuumba mbaula za Chitetezo, zadothi zija zomwe zimadya nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa, ndipo banki mkhonde iwabwereka poyambira. Chachiwiri, m'kalata yomwe tikulembera akuluakulu muli ndime yawo, m'mawu awo. Dothi labwino loumbira latisowa pafupi, tikufunsira ku Chiradzulu.

Febuluwale, kumapeto

Chiletso cha majumbo opyapyala chayambanso kugwira ntchito khoti litachotsa zomwe zinkatchinga. Tinapezerapo mwayi wofukula ngalande ya kumsika. Zomwe tinatulutsamo ndi majumbo abuluu okhaokha osakanikirana ndi mchenga, olukana ngati chingwe, moti fosholo imakanika kulowa. Ndiwo amachititsa kuti mvula ya ola limodzi ilowe m'maokala.

Titapuma ndinawasimbira achinyamata mbiri ya chiletsochi, popeza ambiri ankaganiza kuti changogwa kuchokera kumwamba. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 (muyeso wa kukhuthala kwake) mu 2015. Makampani opanga anathamangira kukhoti, nkhani n'kuima. Anthu wamba, mabungwe ndi achinyamata anayenda m'misewu, analemba makalata, analankhula pa wayilesi, mpaka khoti lalikulu la apilo linagamula mu Julaye 2019 kuti chiletso chikhalepo. Mmodzi mwa omwe anatsogolera, mayi Gloria Majiga-Kamoto, analandira mphoto ya Goldman, yomwe imaperekedwa kwa oteteza chilengedwe, mu 2021. Ngakhale zinatero, milandu inapitirira, ndipo zatenga zaka khumi kuti tifike pano. Ndinawauzanso za mayi Wangari Maathai a ku Kenya, omwe anayamba ndi amayi akumudzi ndi mbande mu 1977, namenyedwa ndi kutsekeredwa, nadzalandira mphoto ya Nobel mu 2004. Mtsikana wina anafunsa kuti, "Ndiye kuti ifenso zaka khumi?" Ndinamuyankha kuti mwina kuposa pamenepo. Anakhala kaye chete, kenako anatolanso fosholo.

Malichi, sabata yachiwiri ndi yachitatu

Namondwe wa Jude wadutsa ndi mvula yamphamvu masiku omwewo omwe timakumbukira Freddy. Mitima inali m'mwamba. Ana ena akangomva mvula pa malata amayamba kunjenjemera, ndipo mphunzitsi mnzanga akuti m'kalasi mwake muli awiri omwe amabisala pansi pa desiki kukagunda bingu. Ulendo uno mabanja omwe anatsika anachuluka kuposa mu Disembala, ndipo bambo a malata aja anatsitsa mkazi ndi ana, iwo n'kutsala ndi alonda. Palibe nyumba yomwe inathyoledwa.

Mwambo wokumbukira tinauchita mvula itadula. Sitinafune zolankhula zambiri. Tinaima pamalo pomwe panadutsa matope, pomwe mpaka lero pali miyala ikuluikulu ngati nyumba, ndipo aliyense amene anataya wake anatchula dzina lake mokweza. Abusa anapemphera, shehe anapemphera. Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno ndi kusamutsa oposa 600,000, koma pamalo paja chiwerengero chinalibe ntchito, anthu ankatchula mayina. Ena matupi awo sanapezeke mpaka lero.

Kuchoka apo tinayenda wapansi kukapereka kalata yathu, titadziwitsa apolisi monga mwa lamulo. Inasainidwa ndi anthu ambiri, ena ndi chala. Tikupempha malo otetezeka osamukirako omwe ali kufupi ndi kumene anthu amapeza ganyu, chifukwa kumuuza munthu kuti choka osamuonetsa kopita n'kumuuza kuti abwerere usiku. Tikupempha kuti kugulitsa mapuloti m'makhwawa ndi kuswa miyala kumtunda kuthe, kuti ngalande zikonzedwe mvula isanayambe, ndiponso kuti lamulo latsopano la ngozi zogwa mwadzidzidzi la 2023 limasuliridwe m'Chichewa n'kufika kwa anthu. Ku ofesi komwe tinapita anatidikiritsa maola atatu pa dzuwa. Kenako kunatuluka munthu wina amene analandira kalatayo, n'kudinda pa kope yathu. Amene anaipereka m'manja mwake ndi mayi a makala aja, ndipo ndiwo anawerenga ndime yoyamba mokweza asanaipereke.

Epulo, sabata yachitatu

Nyengo yodzala yatsekedwa. Tayendera mitengo khomo ndi khomo ndi kope m'manja. Ya zipatso pafupifupi yonse ili moyo, ina atayitchingira ndi minga kapena njerwa. Ya kumtunda, komwe kulibe nyumba pafupi, yafa yambiri. Mphukira za pa zitsa zija zina zandifika m'chiuno. Vetiva wagwira, ndipo kuseri kwa mizere yake kwaunjikana dothi lomwe likanatsikira m'nyumba za anthu. Ndinalowetsamo chala, chinalowa chonse.

Mbaula zoyamba zinang'aluka pootcha chifukwa tinafulumira, zinali zisanaume bwino. Zachiwiri zatuluka bwino ndipo zina zagulidwa kale.

Kalata ija sinayankhidwe. Tapitako kawiri, akuti ikadali pa tebulo la abwana. Tipitanso Lachiwiri, ndipo tagwirizana kuti ulendo uliwonse azipita anthu osiyana, kuti aliyense azolowere kulowa mu ofesi n'kulankhula.

Chisankho chili pa 16 Sepitembala 2025, ndipo ofuna mipando ayamba kale kuzungulira ndi nsalu ndi ma T-shirt. Mmodzi anatumiza uthenga woti atigulira mawilibala ngati tingavale makaka a chipani chake pa tsiku lofukula ngalande. Tinakambirana mpaka dzuwa kulowa, chifukwa mawilibala tikuwafunadi, ndipo tinakana. M'malo mwake tikukonza bwalo limodzi loti onse ofuna ukhansala ndi uphungu wa dera lino adzakhale pa benchi imodzi n'kuyankha mafunso omwe takhala tikusonkhanitsa kuyambira Novembala. Afika 31. Amfumu avomera kupereka bwalo, ndipo achinyamata akuyeserera kufunsa popanda kuchita manyazi kapena kutukwana.

Udzu wa kumtunda wayamba kuuma. Loweruka likudzali tikumana 6 koloko m'mawa pa mjigo kuti tikalambule njira yotchinga moto kuzungulira zitsa zija, osaka mbewa asanayambe kutentha tchire. Aliyense abwere ndi khasu kapena chikwakwa chake, ndi botolo la madzi akumwa.